Masache Zikwi Zinayi

Munthu akatsika minibasi pa Namitete n'kulowera msewu wafumbi wopita kumpoto, asanayende mtunda wautali amalandiridwa ndi fungo la mtedza wokazinga. Fungolo limachokera pa fakitale ya chiponde ndi mafuta ophikira, imene anthu a m'midzi yozungulira amangoitchula kuti kwa Chiponde. Kuseri kwa nyumba ya makina kuli kachipinda ka zenera limodzi. M'menemo ndi mogwirira ntchito mayi Febe Kapatuka, amene anzawo amawaitana ndi mfunda wawo kuti aNambewe.

Mayi Febe adabadwira ku Nsaru, mwana wachitatu wa mkulu wa mpingo amene ankalima fodya. Sukulu adalekezera Fomu 2, chaka chimene matalala adaboola fodya yense wa bambo awo akadali m'munda. Adakwatiwa ndi bambo Jackson, okonza njinga pa Namitete, munthu wosauma pakamwa. Mayi Febewo ndiye mawu amachita kuwapempha. Ku Chigwirizano cha amayi amakhala benchi yakumbuyo, nyimbo amaimbira m'khosi. Kwa Chiponde adalowa mu 2004 ngati wosankha mtedza, kukhala pamkeka tsiku lonse lichero lili pamiyendo, kuchotsa wowola ndi wofumbwa. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, manejala wa nthawiyo, bambo Rabson, adaona kuti mwa amayi makumi atatu ndi iwo okha amene ankabwezera lichero pa msomali pomwe adalitenga. Adawapatsa makiyi a sitolo.

Sitolo yake si ya mtedza ayi. Mtedza, mchere ndi mabotolo zili ndi eni ake amene amagula pa malole. Ya mayi Febe ndi ya tinthu tosalowa m'botolo, koma toti tikasowa fakitale imaima: sopo, magolovesi, majombo, girisi, mababu, ulusi wosokera matumba, masamba a tiyi wa antchito, malichero ndi masache. Pogula tinthuti ankatapa ndalama m'kabokosi kachitsulo n'kulemba vocha, kapepala kosonyeza tsiku, chinthu, mtengo ndi chidindo cha chala cha wogulitsa. Mwezi ukatha mavochawo ankamangidwa ndi chingwe n'kupita ku ofesi yaikulu mu Lilongwe, kumene ankangowaphatikiza onse pa mzere umodzi wakuti zoyeretsera ndi zina.

Koma m'mavochamo mudali nkhani ina, ndipo idayamba kale, mayi Febe akadali pamkeka. Chaka china kalaliki wa ku ofesi yaikulu, munthu wamtima wabwino, adaika pa bajeti mzere wakuti mabokosi a maliro, khumi. Pepalalo lidagwa m'manja mwa mlonda wodziwa kuwerenga. Pofika masana makina onse adali zii. Antchito adaunjikana pansi pa mtengo wa mango, nkhani ili yakuti kampani yawerengeratu mitu khumi, eni ake akufuna kukhwimira makina monga amanenera za ena a zigayo. Padapita masiku atatu, ndipo padachita kubwera abusa awiri, kuti anthu abwerere pantchito. Kuyambira pamenepo bambo Rabson adalumbira kuti mawu akuti bokosi sadzalembedwanso pa pepala lililonse la pafakitalepo.

Komatu maliro n'kulirana. Wantchito akaferedwa mayi, mwana kapena mwamuna, kampani imene imadya thukuta lake singangopinda manja. Tsono tsiku lopereka makiyi lija, bambo Rabson adatseka chitseko cha sitolo n'kutsitsa mawu.

"ANambewe, kukagwa zovuta muzipita kwa a Eliya akalipentala, akhome bokosi. Muziwonjezapo thumba la ufa ndi shuga. Pa vocha muzilemba masache."

"Masache, bwana?"

"Eya. Amayi ogulitsa masache alibe lisiti, amangodinda chala. A Eliya nawonso chala ali nacho. Nanga mukufuna ndizilemba kuti chaka chamawa amwalira angati? Ndine mfiti ine?"

Mwana wa mkulu wa mpingo sadakondwe nalo bodza lolemba ndi dzanja lake, koma adavomera. Zaka khumi ndi ziwiri adachita zomwezo. Uthenga ukafika ankathamangira kwa a Eliya, ankakwera nawo galimoto ya kampani kukatula ufa pasiwa, n'kubwerako kudzagawa mtengo wa zonse ndi mtengo wa tsache limodzi. Antchito ankangoti bwana ndi wachifundo, osafunsa kumene zikuchokera. Bambo Rabson adapuma pantchito mu 2021, ndipo chaka chotsatira adatisiya. M'malo mwawo mudalowa mayi Patricia, amene masiku awiri ankakhala pafakitale, atatu mu Lilongwe. Mwezi uliwonse mayi Febe ankati mwezi uno ndiwauza. Akafika pakhomo la ofesi lilime linkalemera, n'kungofunsa za mababu.

Mu 2023 kudafika bambo Chrispin, wowerengera ndalama wa ku ofesi yaikulu, atanyamula tabuleti m'chikwama. Adasonkhanitsa akapitawo onse n'kunena kuti za kabokosi kachitsulo zatha. Wofuna magolovesi azipempha pa foni. Pempholo lizifika pa tabuleti ya kusitolo, ndipo ngati chinthucho mulibe, tabuletiyo izionetsa ogulitsa olembetsedwa ndi mitengo yawo. Manejala azivomereza ali kulikonse, katundu akafika azijambulidwa chithunzi, kenako wogulitsa alipidwe pa foni kapena ku banki. Chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wakewake ndi malire a ndalama za chaka.

Potuluka pamsonkhanopo kapitawo wa makina adawagunda mayi Febe ndi chigongono.

"ANambewe, yambani kufunafuna lichero lanu lija. Izi n'za ana a ku koleji."

Iwo adangomwetulira. Masiku oyamba galasi la tabuleti linkakana chala chawo chokakala, mpaka adazindikira kuti limamvera kachala kakang'ono. Adalemba njira zonse m'kope la sukulu, m'Chichewa, n'kumabwereza nthawi ya tiyi. Pakutha pa milungu itatu ndi iwo amene ankaphunzitsa kapitawo yemwe uja kutumiza pempho. Ndipo kunena zoona chinthucho adachikonda. Kale munthu mmodzi ankatha kutenga majombo katatu pa chaka n'kumakana kuti sanalandire. Tsopano dzina linkangotulukira lokha. Girisi sankathanso mwadzidzidzi, chifukwa zikatsala zitini ziwiri tabuleti inkalira.

Kenako bambo Chrispin adabweretsa makatoni asanu ndi limodzi. Mudali mavocha a zaka zitatu zapitazo. Adati kuti malire a chaka aikidwe bwino, zonse zakale zilowetsedwe m'tabuleti, chinthu chilichonse pa mzere wake.

Mayi Febe adadziwa pomwepo kumene njirayo ikupita. Akadatha kumwaza masachewo, ena n'kuwaponya ku sopo, ena ku ulusi, palibe akadadziwa. Koma bodza limodzi lidali litawakwana. Adalemba monga mudalembedwera. Vocha iliyonse ya masache ambiri akaitola ankaona nkhope, mudzi, njira imene galimoto idadzera, ndi nyimbo imene amayi adaimba potuluka m'nyumba ya siwa. Adaigwira ntchitoyo milungu iwiri osauza munthu.

Lachinayi m'mawa bambo Chrispin adalowa m'sitolo kompyuta ili m'manja, akuseka. Pazenera padali kapitawo uja ndi amayi awiri odikira magolovesi.

"Amayi, osesa pano alipo angati?"

"Anayi."

"Anayi. Ndiye anthu anayi amaliza masache zikwi zinayi ndi makumi atatu m'zaka zitatu? Kodi amasesa kapena amadya?"

Pazenera padamveka kuseka. Mayi Febe adayang'ana amayi awiri aja. Mmodzi mwa iwo adali pansi pa mtengo wa mango chaka cha mitu khumi. Bambo Chrispin ataona kuti palibe yankho, kuseka kudawathera. Adatambasula dzanja.

"Ndipatseni makiyi. Mupite kunyumba. Lolemba mudzafotokozere mayi Patricia, ndipo ngati palibe chofotokoza, ntchito yatha ndipo nkhani ipita kupolisi."

Pofika pageti, mbiri idali itawatsogolera kale. Mlonda amene masiku onse ankawapatsa moni adayang'ana kumbali.

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, mayi Febe adakhala pakhonde, manja pamiyendo. Bambo Jackson ankamata chubu cha njinga pafupi ndi beseni la madzi.

"Zikwi zinayi! Amayi a Ulemu, mukanasesatu msewu wonse kuyambira pano mpaka ku Mchinji, n'kubwerera mbali inayo."

"Musandiseke, abambo."

"Sindikuseka. Chimene chikundipweteka n'chakuti pakhomo pano tsache lilipo limodzi, lothothoka. Mbava yanji yosabweretsa n'limodzi lomwe?"

Mayi Febe adaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Ndipo pamenepo adawauza amuna awo zonse, koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri. Bambo Jackson adasiya chubu m'madzi.

"Ndiye vuto lili pati? Tengani a Eliya akanene."

"Adzati tinkagawana. Ndiponso chala chawo chili pa pepala labodza. Ndiwakokere m'dzenje munthu wokalamba?"

"Nanga a Rabson poti adagona. Mboni yanu ndi ndani?"

"Buku la pageti. Woferedwa amalembedwa masiku atatu."

"Ndiye mukumbukira kuti vocha yakuti ndi ya maliro a uje? Inu, munthu woiwala kuthira mchere m'ndiwo?"

"Ndikuwakumbukira onse," adatero mayi Febe. "Ndinapitako konse."

Lolemba adavala chitenje chawo chabwino n'kulowa mu ofesi ya manejala. Mayi Patricia adali pampando, bambo Chrispin pambali ndi kompyuta. Asanakhale pansi mayi Febe adapempha kuti chitseko chitsekedwe, ndi zenera lomwe. Ndipo adafotokoza, maso ali pa tebulo, za mzere wa mabokosi khumi, za masiku atatu a pansi pa mtengo wa mango, ndi za lamulo la bambo Rabson.

Bambo Chrispin adapukusa mutu. "Nkhani yokoma, amayi. Koma mwini lamuloyo ali kumanda. Ngakhale ine ndikhoza kunena kuti anandipatsa galimoto."

"Muitanitse mabuku a pageti, bwana. Ine nditembenuka, ndiyang'ane kukhoma. Muziwerenga tsiku ndi chiwerengero cha masache, kuyambira paliponse pamene mwafuna."

Mayi Patricia adatumiza uthenga pageti. Mabuku atatu akuda adafika. Mayi Febe adatembenuza mpando.

"Pa 9 Febuluwale 2021," adawerenga bambo Chrispin. "Masache zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi."

"Mayi awo a Anne a kokazinga. Ku Mpingu. Kudagwa mvula, galimoto idatitimira padambo, bokosi tidachita kusenza."

Masamba a buku adalira. "Anne Chimkono," adatero mayi Patricia. "Pa 9, pa 10, pa 11. Maliro."

"Pa 23 Ogasiti 2022. Makumi asanu ndi anayi."

"Mwana wa a Tiyanjane osoka matumba. Wa zaka zinayi. N'chifukwa chake ndi ochepa."

Nalonso lidapezeka.

"Pa 4 Meyi 2022. Khumi ndi awiri."

"Amenewo ndi masache enieni, bwana. Adabwera nawo mayi wa ku Kabudula pa njinga."

Mayi Patricia adabisa pakamwa ndi dzanja. Bambo Chrispin adayamba kulumphalumpha, chaka ichi, chaka icho, kutsogolo, kumbuyo. Mawu a mayi Febe, amene poyamba ankamveka ngati akuchokera m'thumba, adayamba kukwera. Ankatchula womwalira, mudzi wake, wachibale wake wa pafakitale, nthawi zina ndi mlaliki amene adalalikira kumanda. Masiku makumi awiri ndi asanu a pa mavocha adawerengedwa, onse akugwirizana ndi buku.

"Pa 17 Novembala 2022. Mazana awiri."

Mayi Febe asanayankhe, mayi Patricia adali atatsegula kale tsambalo. "Apa palibe wopita ku maliro. Sabata yonseyi palibe."

Bambo Chrispin adawongoka pampando.

"Palibe wachibale amene adapempha masiku," adatero mayi Febe pang'onopang'ono. "Muyang'ane dzina la a Samson Mwale a kumafuta. Pa 16 lilipo. Kuyambira pa 17 mulifunefune."

Mayi Patricia adatsegula tsamba lotsatira, ndi linanso, ndi linanso. Adatseka bukulo mosamala. Bokosi la tsiku limenelo lidali la a Samson eni ake.

"Tembenukani, amayi," adatero pomaliza. "Ndalama simunabe. Koma pepala munalinamiza, ndipo ine mwakhala nane zaka ziwiri osandiuza."

"Ndinalakwa, bwana. Ndinkafika pakhomo apo, mawu n'kundithawa."

"Lero sanakuthaweni."

Bambo Chrispin adakanda kumutu, nkhope itagwa. Koma poti ndi munthu wa ntchito yake, adakokera kompyuta pafupi. "Chabwino, tikonze. Titsegula mzere wa maliro. Maliro makumi awiri ndi asanu ndi limodzi m'zaka zitatu, ndiye kuti pa chaka tiziika ndalama za anthu asanu ndi anayi."

"Ayi!"

Onse awiri adadzidzimuka. Mayi Febe nawonso adadabwa kuti aimirira.

"Pepani, bwana, koma ayi. Akapitawo onse amaona mizereyo pa mafoni awo. Mukalemba asanu ndi anayi lero, mawa makina aima, ndipo abusa awiri sakwanira."

"Koma amayi, mzere uliwonse umafuna malire. Popanda malire ndiye tabwerera ku kabokosi kachitsulo."

"Malire muike pa zimene amalandira mmodzi. Bokosi limodzi, thumba la ufa limodzi, shuga mapaketi khumi, mafuta a galimoto kupita ndi kubwera. Wamkulu ndi wamng'ono pantchito chimodzimodzi. Koma kuti adzakhala angati musalembe. Mzerewo uzigona osaoneka, uzidzuka uthenga ukafika."

"Ndalama zake zichokere kuti?"

"Pampu ya makina ikapsa mwadzidzidzi mumatenga kuti? Kodi mumalemberatu kuti chaka chino apsa angati?"

Bambo Chrispin adayang'ana mayi Patricia. Ku ofesi yaikulu kulidi thumba la zogwa mwadzidzidzi, lopanda dzina la chinthu. Adagogoda pa kompyuta kwa mphindi zingapo.

"Zitheka," adatero. "A Eliyawo tiwalembetse ngati ogulitsa, mtengo tigwirizane kamodzi pa chaka, tiziwalipira pa foni. Pempho lizipita kwa manejala molunjika, osadikira kuyerekeza mitengo ya ogulitsa atatu. Koma wotsegula mzerewo akhale munthu mmodzi yekha."

"Munthuyo ndi ameneyu," adatero mayi Patricia. Adatsegula diloo n'kutulutsa makiyi. "Ndipo a Chrispin, munawalandira pamaso pa anthu. Mukawabwezere pamaso pa anthu."

Idali nthawi ya tiyi, ndipo pazenera la sitolo padali gulu. Bambo Chrispin adaima pakhomo, adakhosomola, n'kunena mokweza kuti mavocha akale adalembedwa molakwika ndipo akonzedwa, kuti mayi Kapatuka sadatenge ngakhale tambala, ndi kuti iwo adafulumira pakamwa. Adapereka makiyiwo ndi manja awiri. Mayi mmodzi wa kosankha mtedza adaimba nthungululu, ena n'kulandira. Kapitawo wa makina adakankha anzake kufika kutsogolo.

"Inetu ndimadziwa, aNambewe. Ndinawauza anthuwa kuti n'zabodza."

"Munawauza liti, akapitawo?" adafunsa mayi wina. "Si inu mumati masachewo amagulitsa ku Nsaru pa tsiku la msika?"

Mayi Febe adatsegula loko, adayatsa tabuleti, n'kupeza mapempho khumi ndi asanu ndi awiri akuwadikira kuyambira Lachinayi.

Chaka chisanathe, kampani itatsegula malo ena ogulira mtedza ku Nambuma, zogula zazing'ono za kumeneko adaziikanso m'manja mwawo, ndi malipiro adawakwezera. Kalata yowachenjeza za mavocha aja adalandirabe, ndipo adasaina osadandaula.

Mzere wogona uja udadzuka koyamba mu Januwale, Lachitatu m'mawa, chimanga chili m'mawondo. Woyendetsa galimoto ya kampani, bambo wa ana asanu, adafika pazenera chipewa chili m'manja. Akazi ake adali atamwalira m'bandakucha. Mayi Febe adatuluka, adamukhazika pa benchi, adamupepesa monga mwa mwambo, kenako adabwerera m'kati. Adatsegula mzerewo ndi kachala kawo kakang'ono. Adalemba dzina la malemu, mudzi wake, ndi zinthu zinayi zija, chilichonse ndi dzina lake lenileni. Mayi Patricia adali pamsonkhano mu Lilongwe. Patangopita mphindi khumi ndi imodzi tabuleti idalira, ndipo pansi pa chivomerezo padali mawu owonjezera akuti apeze dalaivala wina, mwini zovutayo asagwire chiwongolero.

Foni ya a Eliya idalira akupala chitseko cha munthu wina. Adachiimika kukhoma n'kutenga matabwa atsopano. Pofika masana galimoto idali pageti, ufa ndi shuga zili pambuyo. Mayi Febe adakhoma sitolo, adamanga mpango kumutu, n'kukwera kukhala pakati pa amayi anzawo. Galimoto itanyamuka wina adafunsa kuti ayambitse nyimbo ndani, ndipo asanagwirizane, aNambewe adaiyambitsa.